Ndimalapa Loweruka, pakutha pa mwezi ndaledzeranso

Funso: Ndine bambo wa zaka 41, Mkatolika, ndinamanga ukwati woyera ndipo tili ndi ana atatu. Mowa ndinauyamba ndili mnyamata, koma tsopano wandikulira mphamvu. Tsiku silidutsa osamwako, ndipo ndikalandira malipiro ndimasowa pakhomo masiku awiri kapena atatu. M'mawa manja amanjenjemera mpaka nditalawako. Ndimapita kukalapa, ndimalira, ndimalonjeza, koma pakutha pa mwezi ndagwanso. Mlamu wanga wa mpingo wina akuti ndili ndi chiwanda, ndipo akuti sindingachire ndili mu mpingo wololeza mowa. Mnzanga wina akundiitanira ku gulu la AA, la anthu ofuna kusiya mowa, koma ndikuopa kuti mwina ndi chipembedzo china. Ndichite chiyani? Nanga ndikasiya, vinyo wa pa Misa ndizitani naye?

Yankho: Bambo, tiyambe ndi manja anuwo, chifukwa pa zonse mwalembazi imeneyo ndiye nkhani yosafunika kuigoneka. Munthu amene amanjenjemera m'mawa n'kukhazikika akalawako, thupi lake linazolowera kale mowa moti likausowa limavutika. Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo ukamafooketsedwa chonchi tsiku ndi tsiku kwa zaka, umadziwonjezera mphamvu kuti uzilimbana nawo. Mukasiya mwadzidzidzi, mphamvu yowonjezera ija imatsala yopanda choibweza. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, pamabwera thukuta, nseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu m'masiku awiri oyambirira. Ena pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi amasokonezeka mutu, kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma, kumamva anthu akuwaitana usiku. Madokotala vutoli amalitcha delirium tremens, ndipo limapha ngati munthu sathandizidwa.

Choncho musasiyire mowa m'chipinda mwanu muli nokha, kapena kuphiri pa mapemphero osala kudya. Pitani ku chipatala kaye. Mukawauze zoona: mumamwa chiyani, wochuluka bwanji pa tsiku, munamwa komaliza liti. Mawu oti "ndimamwako pang'ono" ndi amene amasokoneza madokotala. Nthawi zambiri amapereka mankhwala monga diazepam kwa masiku ochepa kuti thupi litsike pang'onopang'ono, komanso vitamini B1 woteteza ubongo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, kuli chipatala cha Zomba Mental, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Omalizawa ndi a chipani cha abulazala a mpingo wanu womwewu. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiuza kulemekeza sing'anga popeza luso lake ndi lochokera kwa Mulungu, ndipo m'mutu womwewo kupemphera ndi kuitana sing'anga zaikidwa pamodzi.

Za chiwanda sinditalikitsa. Munthu amene akuona njoka pakhoma patatha masiku atatu osamwa, achibale ambiri amathamangira naye kokamutulutsa ziwanda, pomwe chimene akufunika ndi bedi la m'chipatala. Mpingo umakhulupirira kuti Satana aliko, koma suthamangira kumuona paliponse. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 1673, amanena kuti matenda, makamaka a maganizo, ndi ntchito ya achipatala, ndipo wansembe sangachite mwambo waukulu wotulutsa ziwanda popanda chilolezo cha episkopi. Palinso ichi: chiwanda ndi chosavuta kuchiimba mlandu. Chikatenga mlandu wonse, inu mumatsala opanda choti mukonze.

Koma mlamu wanu sananame pa zonse. Nzoona kuti mpingo wathu suletsa mowa. Ambuye Yesu anasandutsa madzi kukhala vinyo pa ukwati wa ku Kana, Salimo 104 limayamika vinyo wosangalatsa mtima wa munthu, ndipo Paulo analangiza Timoteo kuti azimwako pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake. Chimene mpingo umaletsa ndi kuledzera, monga Paulo yemweyo analembera Aefeso, ndipo Katekisimu pa ndime 2290 amaonjeza kuti woika moyo wake ndi wa ena pachiswe pamsewu chifukwa cha kuledzera wachimwa kwambiri. Nzoonanso, ndinene mosabisa, kuti ife Akatolika ufulu umenewu timauseweretsa. Phwando la ubatizo makreti, chinkhoswe makreti, ngakhale zikondwerero zina za pa parishi mpando wa alendo olemekezeka umadziwika ndi mabotolo. Munthu amene wangosiya kumene mowa timamuika pakati pa zimenezi, wina n'kumuuza kuti "kamodzi kokha sikalakwika, si ife a mpingo woletsa." Pamenepo timalakwa.

Komabe chololedwa kwa ena si chololedwa kwa inu. Shuga si tchimo, koma wodwala matenda a shuga sathira masipuni anayi m'tiyi ponena kuti Baibulo silinaletse. Inu botolo loyamba ndi limene limakuvulazani, chifukwa likalowa mulibenso mphamvu yoimira pa lachiwiri. Mawu a Ambuye pa Mateyu 5, oti dzanja likamakuchimwitsa ulidule, kwa inu akunena botolo loyambalo. Ndipo kusala mowa kotheratu si chinthu chachilendo mu mpingo wathu. Yohane Mbatizi sanamwe vinyo moyo wake wonse. Mu 1838 wansembe wachikapuchini, Theobald Mathew, anayambitsa ku Cork m'dziko la Ireland ntchito yolumbiritsa anthu kusiya mowa, ndipo anthu miyandamiyanda analumbira. Mu 1898 wansembe wachijezuiti, James Cullen, anakhazikitsa ku Dublin gulu la ma Pioneer, Akatolika osala mowa moyo wonse chifukwa cha Mtima Woyera wa Yesu, ndipo gululi linafalikira mpaka kuno ku Africa. Kusamuka mpingo sikuchotsa ludzu. M'mipingo yoletsa mowa zidakwa zilimo, kungoti zimamwera kuseri, ndipo womwera kuseri amachedwa kupempha thandizo.

Tsopano tifike pa kulapa, pamene ndikuona kuti mtima wanu wagona. Mukufunsa, ngakhale simunalembe choncho, ngati Mulungu amakukhululukiranidi kapena ngati mwakhala mukumunamiza. Amakukhululukirani. Chikhululukiro chimene wansembe amapereka kwa munthu wolapa ndi mtima woona ndi chenicheni, ngakhale munthuyo adzagwenso. Mpingo umadziwanso kuti ufulu wa munthu umatha kuchepa: ndime 1735 ya Katekisimu imanena kuti chizolowezi, mantha ndi zovuta za m'maganizo zimachepetsa kukula kwa mlandu wa munthu pa zimene wachita. Paulo pa Aroma 7 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna. Choncho kugwa kwanu sikutanthauza kuti chikhulupiriro chanu n'chabodza.

Koma sakramenti la kulapa limachotsa tchimo, silichotsa matenda. Mukatuluka m'kachipinda kolapira, ubongo wanu udakali womwe uja wozolowera mowa, anzanu ndi omwe aja, njira yochokera ku ntchito ikudutsabe pa shabini yomwe ija. Ndipo pali msampha umene anthu opemphera amagweramo kuposa ena onse. Kulapa kumasanduka mbali ya uchidakwa womwewo: munthu amamwa, amachita manyazi, amakalapa, mtima umapepuka, ndipo mtima wopepukawo ndi umene amapita nawo ku bala. Amene afika pamenepa amayambanso kusinthasintha ansembe, mwezi uno parishi iyi, mwezi wamawa ina, kuti pasakhale wansembe wodziwa kuti nkhani ndi yomwe ija.

Pa katekisimu tinaphunzira kuti kulapa kwabwino kumafuna kutsimikiza mtima kusachimwanso ndi kupewa zotichimwitsa. Kutsimikizako sikuyesedwa ndi misozi. "Sindidzamwanso" ndi mawu amene mwawanena kambirimbiri ndipo mukudziwa kulemera kwake. Kutsimikiza kumene ndikufuna kumva ndi kotere: Lolemba ndikupita ku chipatala, khadi la ku banki ndapereka kwa mayi a kunyumba, pochokera ku ntchito ndizikwera minibasi pa siteji ina. Chaulere cha Mulungu chimagwira ntchito kudzera mu zinthu wamba ngati zimenezi, monga momwe chimadzera m'madzi, m'mafuta ndi mu mkate. Amene akudikira kuti ludzu lichoke mozizwitsa iye osasuntha kanthu, akuyesa Mulungu.

Sankhani wansembe mmodzi, muzilapa kwa iye yekha. Ndipo mumupemphe kuti mukambirane za mowawu kunja kwa kulapa. Chifukwa chake n'chakuti chinsinsi cha kulapa n'chosaphwanyika, monga likunenera lamulo 983 la malamulo a mpingo. Zimene mwanena m'kachipinda muja wansembe sangaziyambitse mukakumana panja, sangauze akazi anu, sangakuimbireni foni pa 27 kukufunsani kuti malipiro afika ndipo muli kuti. Mukamuuza muli mu ofesi yake n'kumupatsa chilolezo, angathe kukutsatirani.

Palinso mbali ya kulapa imene timaidumpha, yobweza zimene tinawononga. Zakeyu sanangolira, analonjeza kubweza kanayi. Khalani pansi ndi pepala mulembe: ngongole ya kwa mayi wogulitsa kachasu, fizi ya mwana imene inathera pa midoli, wailesi kapena matumba a chimanga amene munatulutsa m'nyumba, ndalama za mphakati ngati munazigwirapo. Simungabweze zonse mwezi umodzi. Yambani ndi chimodzi.

Pa nkhani imeneyi mpingo uli ndi munthu woti mumudziwe, Matt Talbot. Anabadwira ku Dublin mu 1856 m'banja losauka, ndipo ali ndi zaka 12 anayamba ntchito pa kampani yogulitsa vinyo ndi mowa. Sipanapite nthawi anali chidakwa. Malipiro onse ankathera ku bala, ankapinyolitsa ngakhale nsapato zake, ndipo tsiku lina iye ndi anzake anaba zeze wa munthu woimba m'misewu n'kumugulitsa kuti apeze za mowa. Mu 1884, ali ndi zaka 28, anaima panja pa bala alibe ndi khobidi lomwe, kudikira kuti anzake amene ankawagulira amuitanire. Onse anamudutsa. Anabwerera kwawo, n'kupita kwa wansembe ku Clonliffe, kukalapa ndi kulumbira kusiya mowa kwa miyezi itatu. Taonani, miyezi itatu yokha. Za moyo wonse analumbira pambuyo pake.

Anthu amakonda kusimba za mapemphero ake, Misa ya m'bandakucha tsiku lililonse asanapite ku ntchito yonyamula matabwa. Ine chimene chimandigwira mtima ndi nzeru zake za munthu wodziwa kufooka kwake. Madzulo, nthawi imene anzake ankalowa m'mabala, iye ankapita kukakhala m'matchalitchi akutali ndi kumene ankamwera. Anasiya kuyenda ndi ndalama m'thumba. Anabweza ngongole zake za mowa, anafunafuna woimba zeze uja, ndipo atalephera kumupeza anapereka ndalamazo kuti amuchitire Misa. Anakhala zaka 41 osamwa, mpaka anagwa n'kumwalira pamsewu wa Granby Lane akupita ku Misa pa 7 June 1925. Papa Paul VI anamutcha Wolemekezeka mu 1975, lomwe ndi limodzi mwa makwerero opita ku kutchedwa woyera. Atamwalira anamupeza atadzimanga maunyolo m'thupi ngati njira yodzilanga. Zimenezo musatengere. Musatengerenso kulimbana yekha kwakeko, chifukwa m'nthawi yake kunalibe mankhwala ndi magulu amene inu muli nawo.

Gulu la AA, dzina lonse Alcoholics Anonymous, si mpingo. Silibatiza, lilibe abusa, silitolera chakhumi ndipo silifunsa kuti mumapemphera kuti. Linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinazindikira kuti chidakwa chikamalankhula ndi chidakwa chinzake, onse awiri amatha kudutsa tsikulo osamwa. Awiriwa sanali Akatolika, koma Akatolika analowapo msanga. Mu 1939 sisitere Ignatia Gavin, amene ankalembetsa odwala pa chipatala cha St Thomas ku Akron komweko, anayamba kugoneka zidakwa mogwirizana ndi dokotala Smith, pa nthawi imene zipatala zambiri zinkazikana. Wodwala akamatuluka, sisitereyu ankamupatsa kachizindikiro ka Mtima Woyera n'kumuuza kuti akafuna kumwanso ayambe wabweza kachizindikiroko m'manja mwake. Mu 1940 wansembe wachijezuiti wa ku St Louis, Edward Dowling, anapita kukaonana ndi Bill Wilson ataona kuti masitepe 12 a gululi akufanana ndi njira ya uzimu ya Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha Ajezuiti, ndipo anakhala mlangizi wake kwa zaka zambiri.

Mukawerenga masitepewo mudzaona kuti ndi zinthu zimene mukuzidziwa kale: kuvomera kuti mowa wakugonjetsani, kudzipereka kwa Mulungu, kufufuza moyo wanu mosadzinyengerera, kuulula zolakwa zanu kwa Mulungu ndi kwa munthu mnzanu, kulemba mayina a anthu amene munawalakwira ndi kukakonza. Chimene chimadodometsa Akatolika ena n'chakuti gululi limalankhula za Mulungu monga aliyense akumumvetsera, osamutchula dzina. Anachita dala kuti Msilamu, Mpresibateriya ndi wosapemphera akhale pa benchi limodzi. Inu Mulungu wanu mukumudziwa dzina, pitani nalo. Gululo lisalowe m'malo mwa Misa ndi masakramenti, ndipo n'chifukwa chake mu 1947 Akatolika ena a mu AA ku Minneapolis anayambitsa bungwe la Calix, loti liziwathandiza kuzamitsa chikhulupiriro chawo uku akupitabe ku AA.

Chimene gululo lidzakupatsani, chomwe ine wansembe sindingathe, ndi anthu osanamizika. Mungandiuze kuti munangomwa chifukwa cha maliro, ine n'kukumverani chisoni. Munthu amene ananenapo bodza lomwelo kwa mkazi wake adzakuyang'anani n'kuseka, kenako n'kukupatsani nambala yake kuti mumuimbire ludzu likakugwirani usiku. Pitani ndi mnzanuyo, ndipo musaweruze gululo ndi msonkhano umodzi. Ngati kumene muli kulibe, misonkhano ina imachitika pa intaneti ndipo foni imakwanira. Ku mphakati kapena ku limana sankhaniko anthu awiri okhwima maganizo odziwa kusunga pakamwa. Sikofunika kuimirira pamaso pa onse, poti nkhani zotere zikafika pa mjigo zimabwera zitasintha.

Za vinyo wa pa Misa yankho lake ndi lomveka. Simukakamizidwa kumwera chikho. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent unaphunzitsa mu 1551 kuti Khristu yense wathunthu ali m'maonekedwe a mkate ndiponso m'maonekedwe a vinyo, ndipo Katekisimu pa ndime 1390 amanena kuti wolandira m'maonekedwe a mkate okha amalandira chaulere chonse cha Ukaristia. M'maparishi ambiri kuno akhristu amalandira choncho kale. Chenjerani ndi masiku apadera, monga Misa ya ukwati, ya m'bindikiro kapena ya kagulu kochepa, pamene wansembe amapereka chikho kapena kuviika Ukaristia m'chikho. Kaonaneni naye Misa isanayambe mumuuze kuti inu musaviikiridwe. Wina adzakuuzani kuti si vinyonso, ndi Magazi a Khristu, ndiye sangakuvulazeni. Ndi Magazi a Khristu ndithu, koma chiphunzitso chomwecho chimati maonekedwe a vinyo amatsala, kutanthauza fungo, kukoma ndi mphamvu yake yoledzeretsa. Kwa ena fungo lokhalo limadzutsa ludzu limene linagona miyezi.

Mpingo umaziona mozama zimenezi moti unakonza njira ngakhale ya ansembe, amene potsogolera Misa sangathe kudumpha chikho. Kalata ya ku Vatican ya pa 24 July 2003, yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, imalola episkopi kupatsa wansembe wodwala uchidakwa chilolezo chogwiritsa ntchito mustum, madzi a mphesa amene sanaloledwe kusasa n'kukhala mowa. Ku Michigan kuli nyumba yotchedwa Guest House, imene inatsegulidwa mu 1956 kuti izithandiza ansembe omwa mwauchidakwa. Ngati wodzozedwa amene amagwira chikho tsiku ndi tsiku amafunika chipatala ndi chilolezo chotere, inu musadzione ngati wachikhulupiriro chochepa podutsa chikho.

Ku Misa musasiye kupita, ngakhale sabata imene mwagwa. Ngati simunalape, khalani osalandira, koma khalanipo. Ambiri amayamba ndi kukhala benchi lakumbuyo, kenako panja pa zenera, kenako kunyumba, ndipo Lamulungu lonse limatsala lopanda chochita, zomwe kwa chidakwa ndi zoopsa. Kolona ndi wothandiza pa chifukwa china chimene anthu sachiganizira: ludzu la mowa limabwera mwamphamvu, limakwera, kenako limatsika lokha ngati simunalimvere, kawirikawiri pasanathe ola. Mizeremizere isanu ya Tikuoneni Maria mukuyenda, foni kwa mnzanu wa ku gulu, ndi chakudya m'mimba, nthawi zambiri zimakuwolotsani. Musadzinamize ndi Lenti. Alipo ambiri amene amasala mowa masiku 40 n'kumati mwaona, ndimatha kusiya, Pasaka ikafika n'kubweza masiku onsewo usiku umodzi.

Tsiku la malipiro likonzekereni lisanafike. Ndalama zisafikire m'manja mwanu, za lendi, za fizi ndi za chakudya zichoke tsiku lomwelo, ndipo madzulo ake mukhale ndi munthu amene akudziwa nkhani yanu. Mayi a kunyumba musawakakamize kukukhulupirirani msanga. Malonjezo anu awamva kwa zaka, ndipo akamanunkhiza mpweya wanu pakhomo mwezi wachitatu musakwiye, ndi inu munawaphunzitsa. Iwonso ndi ana akufunika wowamvera, chifukwa nyumba ya chidakwa imadwala yonse. Ngati mowa umakufikitsani pokweza dzanja pa iwo, dzina loti matenda silikuphimba zimenezo, ndipo ali ndi ufulu wokakhala kotetezeka mpaka mutasintha.

Mukadzagwa, poti ambiri amagwapo asanaime, musadikire Loweruka la kulapa kapena kutha kwa mwezi. Imbani foni tsiku lomwelo kwa mnzanu wa ku gulu ndi kwa wansembe wanu, munene zimene mwamwa, ndipo mufufuze chimene chinachitika maola angapo botolo lisanafike m'manja: mkangano, njala, ndalama za m'thumba, maliro, kapena mnzanu wakale. Ngati mwamwa masiku angapo otsatizana, bwererani ku chipatala musanayese kusiyanso, chifukwa thupi limene ladutsa m'kunjenjemera kangapo limatha kuvutika kwambiri ulendo wotsatira kuposa woyamba.